Mkwatibwi Sanawonde: Lipoti la Filimu ya Chihindi ya 2015, Kuyambira pa Script Mpaka pa Matikiti

Pa 27 February 2015, kampani ya Yash Raj Films ya ku Mumbai inatulutsa filimu yachikondi ndi nthabwala yotchedwa Dum Laga Ke Haisha. Wodziwa malonda a kanema akanaiyang'ana tsiku limenelo akanangopukusa mutu. Wotsogolera wake anali atapangapo kafilimu kamodzi kamene anthu ochepa anakaonera. Mtsikana wosewera mbali yaikulu anali asanaonekepo pa kanema chibadwire. Mnyamata wosewera naye anali atangogwa chagada ndi filimu ina imene inatuluka kumapeto kwa January chaka chomwecho, ndipo ya chaka cha m'mbuyo mwake nayonso sinagulitse. Tsiku loyamba matikiti anabweretsa ma rupee pafupifupi 11 miliyoni, ndalama imene filimu ya akatswiri otchuka imatolera dzuwa lisanafike pamutu. Patapita chaka, filimu yomweyo inalandira mphoto ya boma la India ya filimu yabwino koposa ya Chihindi.

Ntchito yanga ndi yowerenga ma script, nkhani za filimu zolembedwa papepala, ndi kukhala pansi ndi eni ake kamera isanabwerekedwe. Lipotili ndalembera anzanga a ntchito imeneyi, otsogolera ndi osankha osewera, chifukwa pa filimuyi pali chinthu chimodzi chimene chinagamulidwa papepala, ndipo zina zonse, wosewera, malo, nyimbo ngakhale kagulitsidwe, zinangolondola chigamulo chimenecho. Anthu ake ndiwatchula ndi ntchito zawo, osati mayina.

Nkhani imene anali nayo m'manja

Chaka ndi 1995, malo ndi Haridwar, tauni ya m'mphepete mwa mtsinje wa Ganga kumpoto kwa India, kumene Ahindu amakhamukira kukasamba m'madzi opatulika. Mnyamata wina amaswera m'kashopu ka bambo ake kojambulira anthu nyimbo pa makaseti. Sukulu inamukanika, Chingerezi ndi chimene chinamugwetsa, ndipo bambo ake salola kuti aiwale. Akapsa mtima amavula silipasi n'kumuthibula nayo ngati kamwana, mayi ake ndi azakhali ake akuona. Makolo amupezera mkazi. Mtsikanayo ali ndi digiri ya uphunzitsi, akudikira ntchito ya boma, ndipo ndi wonenepa. Mnyamata atangomuona akuti sakumufuna. Koma bambo ake awerengera kale malipiro amene mpongozi azidzabweretsa mwezi ukatha, choncho za kufuna kapena kusafuna sakuzimvako. Ukwati uchitika pamwambo umodzi ndi maanja ena ambiri, monga amachitira mabanja opanda ndalama kumeneko.

Banja liyamba lozizira. Mwamuna achita manyazi kuyenda ndi mkazi wake mumsewu. Tsiku lina, pa ukwati wa mnzake amene wakwatira mtsikana wowonda, aledzera n'kuyamba kunyoza mkazi wake kwa anzake, osadziwa kuti mwini wake ali chapafupi akumva. Mkazi amuwomba mbama. Iye abwezera. Mkazi alongedza, abwerera kwawo n'kukasuma kuti banja lithe. Khoti liwauza kuti akhale kaye limodzi miyezi 6, ndipo mkati mwa miyezi imeneyo muli mpikisano wa m'tauniyo woti mwamuna abereke mkazi wake n'kuthamanga naye, kudutsa m'matope ndi zotchinga.

Pamene panali msampha

Nkhani yotere ikafika pa tebulo langa, tsamba lovuta ndimalidziwa ndisanalifike. Pafupifupi aliyense wolemba za mkazi wokanidwa chifukwa cha maonekedwe akafika pakati amayamba kumukonza. Amuthamangitsa m'mamawa, amuvula magalasi, amusokera diresi, kenako nyimbo iyamba, iye atsika masitepe, mwamuna kukamwa yasa! Owonera amaomba m'manja poti anazolowera. Koma filimu yotero imakhala yavomereza kuti mwamuna uja ankanena zoona kuyambira pachiyambi, kuti vuto linalidi thupi la mkazi, ndipo thupi litachoka chikondi chafika.

Msamphawu unakula chifukwa cha nyumba imene filimuyi inabadwira. Yash Raj Films inakhazikitsidwa mu 1970, ndipo dzina inalipanga ndi chikondi chonyezimira: mapiri a chipale a ku Switzerland, atsikana a m'chiuno mochepa atavala sari yopepera ndi mphepo, anyamata a m'mabanja olemera. Filimu yake yachikondi yotchuka kuposa zonse inatuluka mu 1995, chaka chomwecho chimene nkhani yathuyi yaikidwa, ndipo inakhala ikuonetsedwa m'holo ya kanema ya Maratha Mandir ku Mumbai kwa zaka zoposa 20. Ndiye taganizani wolemba akulowa ndi script ya mkwatibwi wonenepa, nyumba yothinana ndi kashopu ka makaseti, pakhomo pa kampani imene inaphunzitsa India yense mmene mkwatibwi wa pa kanema amaonekera.

Wolembayo, yemwenso anali wotsogolera, anagamula kuti mkazi sasintha thupi ngakhale pang'ono. Pulojusa, amene anatchuka kale ngati wotsogolera koma upulojusa aka kanali koyamba, anaitenga momwemo. Mmene mkaziyo akuonekera tsiku limene mabanja awiri akumana ndi mmenenso akuonekera pa chithunzi chomaliza.

Kunena n'kosavuta, koma chigamulo chimenechi chimasiya dzenje. Ngati mkazi sasintha, asinthe ndani, ndipo owonera adikire chiyani kwa maola pafupifupi awiri? Script ikuyankha kuti wodwala ndi mwamuna. Mukaionera mwachidwi muona kuti mkaziyu sadzida. Iye wamukonda mnyamatayo kuyambira tsiku loyamba ndipo sakubisa. Amavina anthu akuona, amadya osapepesa, ndipo azakhali a mwamuna wake akamuponyera mawu amawabwezera pomwepo. Wodzida ndi mwamuna. Sukulu inamulaka, alibe khobidi lakelake, bambo ake amamuvula ulemu tsiku ndi tsiku, anzake akumusiya m'mbuyo. Chinthu chimodzi chimene ankayembekezera kuti chidzamukweza pamaso pa anthu chinali mkazi wonga atsikana a pa zikuto za makaseti amene amagwira tsiku lonse, ndipo ngakhale chimenecho amulanda. Kunenepa kwa mkazi ndi pongokolowekapo mkwiyo. Chimene chikumudya usiku ndi digiri ija.

Kulemba motere kuli ndi mtengo wake: mnyamata wa filimu yachikondi akhala wosakondeka kwa nthawi yaitali. Ndi wonyinyirika, wamantha, wongolira ndi tsoka lake. Olemba ambiri amachita mantha pamenepa n'kuyamba kumusakira tizifukwa tomuyeretsa. Apa anamusiya ndi kuipa kwake, koma anationetsa kumene kukuchokera, ndipo nthabwala zambiri anazikumba mwa iyeyo ndi amuna omuzungulira, bambo wolusa amene bizinesi ikumuthera m'manja, ndi kagulu ka amuna a makabudula kochita masewera olimbitsa thupi m'mamawa kwinaku mtsogoleri wawo akuwalalikira za kudziletsa. Mawu onyoza thupi la mkazi alimo ndithu, koma amatuluka m'kamwa mwa anthu amene taona kale kuperewera kwawo. Kamera payokha simuseka, ndipo simufunira mbali yoti thupi lake likhale choseketsa. Anzanga, kusiyana kwa zinthu ziwirizi n'kumene ndimalimbana nako kwambiri ndi olemba achinyamata. Munthu wa m'nkhani akhoza kunyoza. Filimu ikanyoza, owonera amene ali ndi thupi lomwelo amadziwa, ndipo sauza anzawo kuti akaonere.

Kusankha wosewera

Chigamulo cha papepala chikanafera pano akanasankha molakwika. Njira yachidule inalipo, yotenga mtsikana wotchuka kale, kumuveka zokhuthala mkati mwa zovala, n'kudalira dzina lake kuti ligulitse matikiti. Owonera akanadziwa kuti pansi pa zovalazo pali munthu wowonda amene amamudziwa, ndipo akanangodikira nthawi yoti atulukemo.

Amene anasankhidwa anali wantchito wa kampani yomweyo. Kwa zaka 6 ankathandiza mu ofesi yosankha osewera, kutanthauza kuti ankayesa anthu ena, kuwawerengera mizere ya mnzawo wosewera naye n'kuwajambula. Pa mbali imeneyi anayesa atsikana ambiri, mpaka bwana wake anaona kuti munthu amene akumufunafuna ndi yemweyu waima kuseri kwa kamera. Sanangomuninkha, anayesedwa ngati wina aliyense. Atapambana anauzidwa kuti awonjezere thupi, ndipo anawonjezeradi makilogalamu ambiri. Panalinso vuto lina. Iyeyu ndi mwana wa mumzinda wa Mumbai, pamene mbali yake ndi ya mtsikana wa m'tauni yaing'ono. Mayi wina wokhwima pa zisudzo za pa siteji, yemwe m'filimumo ndi mayi ake, anamutenga kukamuphunzitsa, ndipo mwa zimene ankamuchititsa munali kusesa, kukolopa ndi ntchito zina za pakhomo. Zimaoneka pa kanema. Kakhalidwe kake pansi, kakokedwe ka shawelo, kagwiridwe ka mbale, si za munthu wouzidwa dzulo.

Pamenepa mtima wanga uli pawiri. Nkhope yachilendo inathandiza kwambiri, chifukwa owonera analibe chithunzi china chomuyerekezera nacho, ndipo anamukhulupirira. Koma kunenepetsa munthu dala kuti asewere wonenepa, m'dziko la anthu oposa 1 biliyoni, kumadzutsa funso limene ife opanga mafilimu sitikonda kuyankha: atsikana amene thupi limenelo ndi lawo kale, ndipo kusewera amatha, anasowadi? Ndipo amene mukuganiza zotengera njirayi, musauze mwana wa munthu kuti anenepe kapena awonde msangamsanga popanda dokotala pambali pake. Filimu imatha kujambulidwa, thupi n'kutsala ndi mavuto.

Wamwamuna anali atatchuka ndi filimu ya 2012, ndipo anthu ankamudziwa ngati mnyamata wa mumzinda, wochangamuka, woimba ndi gitala. Apa anavomera kuzimitsa zonsezo, kuvala juzi yotopa, kugwetsa mapewa, kuyang'ana pansi polankhula ndi bambo ake. Ozungulira awiriwa, bambo, mayi, azakhali ndi apongozi, ambiri ndi anthu ozolowera siteji ndi masewero a pa TV, osati a mayina okwera mtengo. Ndalama inapulumuka, komanso nyumba inamveka ngati nyumba. Anthu amadulana mawu, amakangana uku akudya, wina akulira wina akufunsa za tiyi.

Malo, nyengo ndi makaseti

Anakajambulira ku Haridwar ndi ku Rishikesh komweko, m'tinjira topanikizana, pa masitepe otsikira kumtsinje ndi pa milatho yolendewera. Nkhani ikuchitika m'nyengo yozizira, aliyense ali mu juzi ndi shawelo, kuwala kuli kofewa. Nyumba ya banjali ndi yothina moti chinsinsi chilibe pokhala. Zochitika kuchipinda kwa akwati zimamveka panja, ndipo makolo amatchera khutu osachita manyazi. Mukaunjika anthu m'nyumba ya zitseko zopyapyala chonchi, nthabwala zina simuchita kulemba.

Chaka cha 1995 sanachisankhire kungokumbutsa anthu zakale. Chimagwira ntchito. Anthu wamba analibe foni za m'manja, choncho n'zomveka kuti awiriwa akwatirana atangoonana pang'ono. Ntchito ya boma inali chuma chenicheni, choncho dyera la bambo uja likumveka. Ndipo kaseti inali ikupita kumanda, CD ikubwera. Banja la mnzake wa mnyamatayo likufuna kutsegula shopu yopikisana nayo mumsika womwewo, ndiye kuti ngakhale kantchito kamodzi kamene amakadziwa kali pa ngozi. Zimenezi ndi zimene pambuyo pake zimapatsa mpikisano uja chifukwa, poti tsogolo la shopu likumangiriridwa pa zotsatira zake.

Pali chigawo chimodzi chimene ndimakonda kuonetsa olemba. Awiriwa ali m'chipinda chimodzi, sakulankhulana. Wina aika nyimbo yakale yodandaula, mawu ake akuloza mnzake. Mnzakeyo aidula, aika yake yoyankha. Woyamba uja asinthanso. Mkangano wonse wa banja ukuyenda, wina akuneneza, wina akudziteteza, wina akunyodola, koma pakamwa pawo sipakutuluka kanthu, kungomveka batani kuti khethe, nyimbo ina n'kuyamba. Kwa ife amene tinakula tikubweza tepi ndi cholembera, palibe chofuna kutifotokozera. Wolemba wina akanadzaza masamba atatu ndi mawu okuluwika. Uyu anatenga chipangizo cha pa ntchito ya munthu wake n'kuchilankhulitsa. Funsani script yanu: munthu wanga amagwira chiyani m'manja tsiku lonse, ndipo chinthucho chinganene chiyani m'malo mwake?

Pa nyimbo anaitana wopeka amene anali pamwamba m'zaka za m'ma 1990, ntchito itayamba kumuchepera, pamodzi ndi woimba wa nthawi yomweyo amene mnyamata wa m'nkhaniyi amamupembedza. Mawu a nyimbo analemba ndi mlembi wachinyamata, ndipo nyimbo zapansipansi zoperekeza zithunzi anapeka ndi katswiri wa ku Italy. Chimene chinandigwira mtima ndi kagawidwe kake. Nyimbo yachikondi yeniyeni ndi yofatsa, imalira kuseri, palibe woyendetsa milomo. Nyimbo yaphokoso ya zovala zowala ndi ovina ambirimbiri, ya mtundu umene kampaniyi ndi anzake anatchuka nawo, anaisungira kumapeto penipeni, mayina akamakwera. M'nyimbo imeneyo amene akuvina pakati, pamalo pa mtsikana wa maloto, ndi mkwatibwi yemwe uja, ndi thupi lake lomwe lija.

Mbama ndi khoti

Pamene nkhani ikutembenukira ndi pa mbama ziwiri zija. Mpaka pamenepo mkazi wakhala akuyesetsa, mpaka kutsatira malangizo a mayi ake a mmene angakokere mwamuna kuchipinda. Atamva mawu aja akusiya. Kwawo akumuuza kuti apirire, banja ndi choncho, koma iye akukana, ndipo script ikuima naye.

Miyezi 6 ija si yongopeka. Lamulo la maukwati a Ahindu la 1955 lili ndi nthawi yodikira yotero kwa anthu ofuna kusudzulana mogwirizana. Wolemba anatenga lamulolo n'kulisandutsa wotchi. Mkazi abwerera m'nyumba yomwe ija, koma tsopano ali ndi tsiku lotulukira, ndipo posakhalitsa apeza ntchito ya uphunzitsi mumzinda wina wotchedwa Meerut. Sakufunanso chilichonse kwa anthuwa. Iwo ndi amene akumufuna. Mwamuna ayesa kulembanso mayeso a Chingerezi, zimukanikanso, ndipo pamenepo m'pamene awiriwa ayamba kulankhulana ngati anthu, popeza palibenso woti anamizidwe. Azakhali aja, amene takhala tikuwaona ngati a pakamwa poipa, tipeza kuti mwamuna wawo anawasiya kalekale, ndipo uthenga wa imfa yake utafika ndi iwo amene akukankha awiriwa kuti alowe mpikisano.

Sindinena kuti chigawo chachiwirichi n'changwiro. Chikuthamanga. Bala limene mwamuna anapereka, mawu aja pamodzi ndi dzanja, ndi lalikulu kuposa kulapa kumene tikuona, ndipo script ikanafika kwa ine ndikanapempha chigawo china chimodzi choti mbama ija aiyang'ane m'maso. Mpikisano nawonso ndi wobwereka. Wodziwika padziko ndi wa ku Sonkajärvi ku Finland, ndipo m'filimuyi ndi pamene zinthu zikuyenda monga aliyense angalotere: ena agwa, awiriwa apirira, apambana. Chimene chikuupulumutsa ndi zinthu ziwiri. Kulemera kwa mkazi sikukubisidwa. Wosewerayo anamuberekadi, ndipo thukuta ndi kudzandira zikuoneka, pamene mkazi ali kumsana akumuwongolera ndi kumulimbitsa mtima. Kenako, atadutsa mzere womaliza, mwamuna sakumutsitsa. Apitirira naye, kusiya khamu ndi mphoto m'mbuyo, kulowa m'tinjira tomwe tija ankachita manyazi kuyenda naye.

 

Kuitulutsa

Apa kampani inachita zosemphana ndi chizolowezi. Mafilimu akuluakulu a Chihindi amalengezedwa kwa miyezi, osewera n'kuzungulira mizinda ndi mapulogalamu a pa TV, kenako amatulutsidwa pa makanema oposa 3,000 tsiku limodzi kuti ndalama yambiri ilowe Lachisanu, Loweruka ndi Lamlungu loyamba, mbiri yoipa isanafale. Filimuyi trailer yake, kakanema kachidule koitsatsira, inatuluka kutatsala masabata ochepa, mtsikana wosewera sanamuyendetse kwa atolankhani, ndipo inayamba pa makanema osakwana 1,000. Nthawi yake inalinso imene ambiri amaithawa. Mpikisano wa dziko lonse wa cricket unali mkati ku Australia ndi New Zealand, kuyambira pa 14 February mpaka pa 29 March, ndipo ana asukulu anali pa mayeso. Ine ndimaona kuti kuthawa kwa akuluakulu kunaisiyira malo opumira. Sabata yachiwiri inayambanso ndi tchuthi cha Holi, pa 6 March.

Ziwerengero za otsata malonda a kanema zikusonyeza mmene zinayendera. Tsiku loyamba, ma rupee pafupifupi 11 miliyoni. Masiku atatu oyamba, pafupifupi 60 miliyoni, kusonyeza kuti Loweruka ndi Lamlungu anthu anachuluka kwambiri kuposa Lachisanu. Pomaliza, mu India mokha, pafupifupi 300 miliyoni, pa filimu imene inadya pafupifupi theka la ndalama imeneyo. Filimu ikatolera kuchulukitsa tsiku loyamba nthawi zoposa 25, ndiye kuti amene anaigulitsa si zikwangwani. Ndi anthu otuluka m'holo n'kukauza abale awo. Olemba ndemanga ambiri anayamikira osewera, kalankhulidwe ndi kusamala pa tinthu ting'onoting'ono ta nthawi imeneyo, ndipo amene anadandaula analoza kwambiri mathero osavuta kulota.

Koma tisathamangire kunena kuti filimu yabwino imadzigulitsa yokha. Ndalama ya matikiti si yonse imapita kwa wopanga. Eni maholo amatenga pafupifupi theka sabata yoyamba, ndipo gawo lawo limakula masabata akamapita, choncho filimu yoyenda pang'onopang'ono imapeza zochepa pa tikiti iliyonse ya mochedwa. Phindu linalipo, makamaka mukaphatikiza za TV ndi nyimbo, koma silinali chuma chogwetsa nyumba. Chachikulu n'chakuti Yash Raj Films imagawa yokha mafilimu ake ku maholo ndipo ili ndi kampani yakeyake ya nyimbo. Mwini holo sachotsa msanga filimu ya kampani imene mawa idzamubweretsera katswiri wodzaza mipando. Wopanga wodziimira payekha, ndi filimu yomweyi ndi Lachisanu lomweli, akanatha kuchotsedwa Lolemba mbiri yabwino isanafike kwa anthu. Kuleza mtima kumene timakuyamikira pano kunali ndi msana wotsamira.

Kwa amene akufuna kuitengera kuno

Script zotengera nkhaniyi zimabwera, zina mpaka ndi mpikisano womwe. Zimagwa pa chifukwa chimodzi. M'madera ambiri kuno kwathu mkazi akanenepa pa banja achibale amati akusungidwa bwino, ndipo mwamuna amayenda naye monyadira. Manyazi amene akuyendetsa filimuyi ndi a ku India, kumene zotsatsa za ofuna banja m'nyuzipepala zimatchula poyera kuti akufuna mtsikana wowonda ndi woyera khungu. Mukawanyamula n'kuwatula pa Ndirande osawasintha, owonera afunsa kuti vuto lake n'chiyani. Chimene chimawoloka nyanja ndi chapansi pake: mwamuna amene sukulu inamulaka, wokwatira mkazi wa pepala ndi malipiro, achibale ake akudya ndalama ya mkaziyo uku akumunena. Nkhani imeneyo tili nayo, ndipo pokolowekapo mkwiyo pake wolemba aliyense apeze pa kwawo.

Zimene zinatsatira

Mu 2016, pa mphoto za boma za National Film Awards za nambala 63, filimuyi inatenga zitatu: filimu yabwino koposa ya Chihindi, mawu a nyimbo, ndi woimba wamkazi, ziwiri zomalizazi chifukwa cha nyimbo yofatsa ija. Pa mphoto za magazini ya mafilimu ya Filmfare, mtsikana uja anapambana ngati wosewera wamkazi watsopano, ndipo wojambula zithunzi anapambananso. Wotsogolera anapanga filimu ina ndi kampani yomweyo mu 2018, ulendo uno ndi akatswiri a mayina akuluakulu, ya banja losoka zovala. Mnyamata uja ntchito yake inadzuka, ndipo anakhazikika pa mafilimu a amuna wamba olimbana ndi zinthu zochititsa manyazi kunena, kufooka kuchipinda mu 2017, mayi kutenga pakati atakula mu 2018, dazi mu 2019. Filimuyi sinali yoyamba kujambulidwa m'tauni yaing'ono, koma inathandiza kutsimikizira oika ndalama kuti nkhani zotere zimabweza.

Mtsikana uja pomwe ankayamba kukumana ndi atolankhani n'kuti atawonda kale. Nkhani zambiri zimene zinalembedwa za iye m'miyezi yotsatira sizinali za mbama, khoti kapena digiri. Zinali za makilogalamu amene anataya, zimene amadya m'mawa, ndi zithunzi ziwiri zogundizana, cha kale ndi cha tsopano. Kusandulika kumene script inakana kukulemba, manyuzipepala anakulemba okha. Iye anapitirira kukhala mmodzi wa osewera odalirika a m'badwo wake, nthawi zambiri pa mbali za akazi olimba a m'matauni aang'ono, ndipo anaseweranso ndi mnyamata yemwe uja mu 2017 ndi mu 2019. M'filimu ya 2019 ija, ya kampani ina ndi wotsogolera wina, anapatsidwa mbali ya mkazi wonyozedwa chifukwa cha khungu lakuda. Khungu lake si lakuda choncho, ndiye anamupaka zodetsa nkhope ndi manja. Filimuyo inagulitsa kwambiri, ndipo anthu ambiri ku India anaidzudzula poyera kuti bwanji sanatenge wosewera wa khungu limenelo.